Sikani yaonetsa Chiari, mwana sakuyankhula: kodi opaleshoni ingamuthandize?

FUNSO

Adokotala, ndine mayi wa ana awiri, wachiwiriyu ndi wamwamuna ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3. Mwanayu chilichonse amachedwa. Kukhala anachedwa, kukwawa chimodzimodzi, kuyenda anayamba ali ndi chaka ndi miyezi 8 koma mpaka pano amangogwaigwa, nde kuyankhula ndiye musanene, mawu amene amatchula sapitirira 5 pomwe mkulu wake pa msinkhu umenewu anali atatitopetsa kale ndi mafunso. Titapita naye kuchipatala anatitumiza kokajambula sikani ya MRI, zotsatira zitabwera pa lipoti panalembedwa kuti Chiari malformation type 1, ndi nambala yoti 7 mm. Adokotala amene anationa anangoti tisadandaule tidzabwerenso pakatha miyezi 6, basi. Ine mutu unali utaima moti sindinafunse kalikonse, ndangofika kunyumba nkuyamba kusaka pa intaneti, zomwe ndinaona kumeneko, ana atametedwa kunkhongo mabala osokedwa, kuyambira tsiku limenelo tulo sindikuliona. Bambo ake akuti tikakamire apangidwe opaleshoni msanga kuti ayambe kuyankhula, apongozi anga akuti tingomusiya bambo akenso anachedwa kuyankhula. Chinanso chomwe ndinaiwala kuwauza adokotala aja, mwanayu usiku amaliza mkonono ngati munthu wamkulu ndipo akamamwa madzi amatsamwa kawirikawiri mpaka misozi. Komanso ndili ndi mimba yake ndinagwapo pa masitepe, kodi ndi ineyo ndinamupweteka? Ndithandizeni chonde.

Mayi wosowa tulo

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndikudziwa ndi limene likukudyani kwambiri mumtima. Ayi, simunamupweteke. Kugwa kuja sikunabweretse zimenezi. Chiari ya mtundu woyamba nthawi zambiri imabwera chifukwa cha mmene mafupa a chigaza kumbuyoku anakulira, malo okhala ubongo wakumbuyo amakhala opanikizika pang'ono, ndipo palibe chimene munadya, kunyamula kapena kuiwala chomwe tinganene kuti ndi chimenechi. M'mabanja ena imaoneka mwa anthu angapo, kusonyeza kuti zakumtundu zimalowererapo nthawi zina. Nde mlandu umenewo uchotseni pamutu panu.

Kenako ndikuuzeni chimene chandigwira maso mu kalata yanu. Si 7 mm uja ayi. Ndi ziwiri zomwe mwaziika kumapeto ngati zongokumbukira, mkonono ndi kutsamwa. Ndizibwerera, koma kaye mumvetse chomwe anaona pa sikani.

Pansi pa chigaza pali bowo lalikulu, madokotala amalitcha foramen magnum, apa ndi pomwe ubongo umalumikizana ndi mtsempha waukulu wotsika mkati mwa fupa la msana. Pamwamba pa bowoli, chakunkhongo, pamakhala ubongo waung'ono wotchedwa cerebellum, ntchito yake yayikulu ndi kuti thupi lisamapendame komanso manja ndi miyendo ziziyenda mogwirizana. Kunsi kwa cerebellum kuli timinofu tiwiri tolendewera tomwe amatitchula ma tonsils. Apa anthu ambiri amasokonezeka, si ma tonsils a pakhosi aja amatupa mwana akadwala, angofanana dzina basi. Tsono timinofu timeneti tikatsikira m'bowo muja mamilimita 5 kapena kuposa, wowerenga sikani amalemba kuti Chiari type 1. Dzinali ndi la Hans Chiari, dokotala wa ku Austria amene ankafufuza matenda poyeza matupi a anthu omwalira, iyeyu ndi amene analemba za vutoli mu 1891, kalekale MRI kulibe.

Vuto lake lenileni ndi la madzi. Ubongo ndi mtsempha wa msana zimakhala zozunguliridwa ndi madzi oyera mbee, ndipo mtima ukagunda kamodzi madziwo amatsika ndi kukwera kudzera pa bowo lija. Timinofu tija tikatsekapo ngati chitsekero pakamwa pa botolo, madzi amavutika kudutsa, nthawi zinanso tsinde la ubongo, lomwe limayendetsa kupuma ndi kumeza, limapanikizika. Koma ngati tatsika pang'ono madzi nkumadutsa bwinobwino m'mbali, munthu amatha kukalamba osadziwa nkomwe kuti ali nazo. Ndipo oterewa ndi ambiri. Chiyambireni kujambula ana ndi MRI, pa ana 100 ojambulidwa pazifukwa zosiyanasiyana, wina wagwa, wina amakomoka, wina wachedwa kukula ngati wanuyu, pamapezeka mmodzi kapena angapo amene ma tonsils awo ndi otsika chonchi, ambiri mwa iwo alibe chizindikiro chilichonse cha Chiari. Mwa ana aang'ono timinofuti timakhala totsikirapo kale mwachibadwa nkumakwera pang'onopang'ono munthu akamakula, ndiye 7 mm mwa mwana wa zaka 2 payokha si nambala yoti ikulandeni tulo. Pali ana a 12 mm othamanga osadandaula kanthu, palinso a 6 mm ovutika. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo wodziwa ntchito yake amayang'ana mwanayo mmene alili ndi mmene madzi akudutsira, nambala imabwera pambuyo.

Tsono pa maganizo a bambo ake. Ndikuwamvetsa, munthu ukapatsidwa dzina la matenda umaona ngati wapeza gwero la zonse, chotsa ichi zonse zikhala bwino. Koma kunena mosabisa, Chiari type 1 kawirikawiri si imene imachedwetsa mwana kuyankhula. Mbali za ubongo zimene zimagwira kumva ndi kupanga mawu zili kumtunda, mu ubongo waukulu, mwa anthu ambiri chakumanzere, kutali ndi bowo lija. Zimene zimachitika nthawi zambiri ndi zoti mwana wachedwa kukula, amutumiza ku sikani kukafufuza chifukwa, sikani nkukumana ndi Chiari yomwe inali phee payokha, makolo nkulumikiza ziwirizo. Opaleshoni ya Chiari sapangira kuti mwana ayambe kuyankhula, ndipo dokotala amene angakulonjezeni zoti akangomupanga opaleshoni, mawu atseguka, ine ndingakuuzeni kuti kamveni kaye kwa wina. Kugwaigwako kukhoza kukhudzana ndi cerebellum inde, komanso musaiwale kuti mwana amene wayamba kuyenda miyezi 7 yapitayo amagwa ndithu, nde pafunika womuyeza aone mphamvu za miyendo, kulimba kwa minofu ndi kayendedwe kake. Nthawi zinanso Chiari ndi kuchedwako zonse ziwiri zimakhala nthambi za chinthu china chachitatu, monga madzi ochuluka m'mutu, mafupa a chigaza amene analumikizana msanga, kapena matenda ena akumtundu, chifukwa chake dokotala wa ana amayezanso kukula kwa mutu, msinkhu, khungu ndi zina, osangoyang'ana chithunzi.

Apongozi anu nawonso ali ndi mbali yomwe akunena zoona, kuchedwa kuyankhula kumayenda m'magazi m'mabanja ena ndipo ana ena amadzathamangira okha. Koma zongomusiya ndiye ayi. Ana ambiri pofika chaka ndi theka amakhala akuyenda okha, pofika zaka 2 amakhala akulumikiza mawu awiri, zija zoti "mama bwera", "madzi ena". Wanuyu ali ndi mawu 5 pa zaka 2 ndi miyezi 3, komanso anachedwa kukhala ndi kuyenda, ndiye kuti kuchedwaku kuli mbali zingapo, ameneyo ngofunika thandizo panopa, Chiari ikhalepo kapena isakhalepo.

Tibwerere ku mkonono ndi kutsamwa kuja. Munthu wamkulu wa Chiari amadandaula mutu wakunkhongo, umene umabaya akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri kapena akamadzikakamiza kuchimbudzi, nkusiya pakangopita kanthawi kochepa. Mwana wa zaka 2 sanganene zimenezo. Mwa ana osakwana zaka 3 Chiari ikamavuta imakonda kuonekera pakhosi: kutsamwa pakumwa, kukhala ngati akufuna kusanza akamameza, dovu losatha, kubweza chakudya, chibayo chobwerezabwereza chifukwa madzi akulowera ku mapapo, mawu osasa polira, kulira kwa mluzu akamakoka mpweya, kusakwera sikelo, komanso kusiya kupuma kwa timasekondi ali mtulo. Ena amagwira kunkhongo akamalira kapena kupinda khosi chakumbuyo, ena amangokwiyakwiya usiku osadziwika chifukwa. Sindikunena kuti mwana wanu zake ndi za Chiari ayi, mkonono mwa ana a msinkhu uwu nthawi zambiri umabwera ndi ma tonsils enieni a pakhosi aja ndi tinyama ta kuseri kwa mphuno tikakula, zomwe ndi nkhani ya dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi. Koma adokotala anu anati mudikire miyezi 6 asakudziwa ziwirizi, nde chigamulo chawocho anachipanga ndi theka la nkhani. Musadikire miyeziyo, pemphani tsiku lapafupi mukawauze. Sikuti mukuwavutitsa.

Popita, tengani vidiyo. Usiku akagona tulo tofa nato mujambuleni ndi foni kwa mphindi zingapo, chifuwa chizioneka ndipo phokoso lizimveka, muone ngati pali pomwe mpweya ukuima kenako nkudzidzimuka ndi kubanika. Mujambuleninso akumwa madzi, ndi akuyenda opanda nsapato. Ana akafika pamaso pa dokotala amangokakamira mayi awo osachita chilichonse, vidiyo ya mphindi 2 imanena zambiri kuposa ife makolo tikamafotokoza tili ndi mantha. Kumene kuli zipangizo amatha kumugoneka usiku umodzi atamumata timawaya kuti ayeze kapumidwe ali mtulo, tesiti imeneyi imasiyanitsa ngati mpweya ukutsekeka pakhosi kapena ubongo ndi umene ukuiwala kulamula kupuma, ndipo palinso tesiti yoona mmene akumezera. Ndipo apa mpomwe pali kaulalo kakang'ono pakati pa Chiari ndi kuchedwa kukula, mwana amene sagona bwino usiku uliwonse komanso kudya kumamuvuta, masana amakhala wotopa, kuphunzira zatsopano kumayenda pang'onopang'ono. Tulo likakonzeka ena amasintha ndithu.

Mafunso oti mukafunse, alembeni papepala chifukwa mutu umaimadi muofesi muja. Kodi sikani ija inafika mpaka kumsana kapena inathera m'mutu? Funso limeneli ndi lofunika chifukwa madzi aja akamakanika kudutsa amatha kudzikundikira mkati mwa mtsempha wa msana nkupanga kathumba kotchedwa syrinx, kameneka kakamakula kamafooketsa manja, kuchititsa dzanzi kapena kupinditsa msana, ndipo kupezeka kwake kumasintha zokambirana zonse. Funsaninso ngati muli madzi ochuluka m'mutu, ngati madzi akudutsa bwino pa bowo lija, komanso ngati mwanayu waonedwa ndi dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ana. Kuonana naye sikutanthauza kuti mpeni wakonzeka, ambiri amene amapita kwa iye amangouzidwa kuti tiziona.

Za opaleshoniyo ndinene mwachidule poti zithunzi mwaziona kale. Amatsegula kunkhongo nkuchotsa kachidutswa ka fupa la chigaza m'mphepete mwa bowo lija, nthawi zambiri ndi kambali kakumbuyo ka fupa loyamba la khosi, kuti malo akule madzi azidutsa, ena amatsegulanso chikopa chokuta ubongo nkuikapo chigamba. Amapanga ngati pali zizindikiro zenizeni monga kuvutika kumeza, kusiya kupuma mtulo, mutu wakunkhongo wosautsa, kufooka, kapena syrinx. Kwa ana oterewa imathandiza ambiri. Koma ili ndi zoopsa zake, madzi aja kutayikira pa bala, bala kulowa tizilombo, nthawi zina kufunika kubwerezanso, nchifukwa chake mwana amene alibe zizindikiro samupanga kungoti poti sikani yaonetsa. Ana ambiri opezeka mwangozi chonchi amakhala momwemo zaka ndi zaka osasintha, ena timinofu tija timakwera tokha.

Pamene mukudikira zonsezi pali ntchito yomwe siyikufuna sikani ina. Choyamba kumuyezetsa makutu, ngakhale mukuona ngati amamva. Makolo ambiri amati "amamva, ndikamuitana amatembenuka", koma mwana akhoza kumva kuitana ndi kugunda kwa chitseko nkumalephera kumva bwino timawu tating'onoting'ono tomwe timapanga chiyankhulo, makamaka ngati kuseri kwa nembanemba ya khutu kumakhala madzi, zomwenso zimayenda limodzi ndi tinyama ta kuseri kwa mphuno tija. Ayezenso magazi ngati ndi okwanira, ndi chithokomiro ngati sichinayezedwepo. Dokotala adzafunanso kudziwa ngati mwanayu amaloza chinthu ndi chala kuti inu muone, amakuyang'anani m'maso, amamva mukamutuma kuti katenge nsapato, amasewera zoyerekeza monga kudyetsa chidole. Ngati zimenezi amachita, ndi nkhani yabwino kwambiri, kumvetsa kulipo mawu ndi amene atsalira. Ngati sachita, amafufuzanso za autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulumikizana ndi kucheza ndi anthu. Ndiye pemphani akutumizeni kwa a fiziyo, aja amathandiza kulimbitsa minofu ndi kayendedwe, chifukwa cha kugwa kuja ndi kwa ophunzitsa kuyankhula, amenewanso ambiri amadziwa za kumeza. Zaka zitatu zoyambirira ubongo umaphunzira mwachangu kwambiri, miyezi 6 yongokhala kudikira sikani ina ndi yambiri kwa mwana wa msinkhu uwu.

Kunyumba muziyankhula naye mutatsika kufika pa msinkhu wake, mawu afupiafupi, kutchula chimene iye akuyang'ana osati chimene inu mukufuna ayang'ane. Akaloza kapu musathamangire kumupatsa, nenani "kapu, ukufuna kapu?" nkudikira pang'ono. Akati "pu" musamukonze mokalipa, ingobwerezani bwinobwino nkumupatsa. Muziimba naye, muziona naye mabuku a zithunzi, foni ndi TV zichepe ndithu poti sizimuyankha. Mkulu wakeyo mumuuze asamamuyankhulire zonse, ana achiwiri ambiri amakhala ndi womasulira waulere pakhomo. Pakumwa akhale tsonga, azimwa pang'onopang'ono, osamumwetsa atagona. Kusewera asewere ngati mwana wina aliyense, musamusunge ngati dzira, chokhacho musalole munthu aliyense kumuthyola kapena kumupotokola khosi ati akuwongola, zimenezo kwa wa Chiari nzoopsa.

Izi zokha ndiye musadikire tsiku la kuchipatala, nyamukani nthawi yomweyo: akasiya kupuma mpaka milomo kusintha mtundu, akayamba kulira mluzu pokoka mpweya, akalephera kumeza ngakhale malovu, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, akamasanza mobwereza ali ndi tulo tosadzutsika. Komanso akayamba kutaya zomwe amadziwa kale, anali kuyenda wasiya, mawu 5 aja asowa, zimenezo akazione msanga.

Bambo akewo mupite nawo ulendo ukubwerawu akamve okha, nkhani zotere zikamadutsa mwa munthu wina zimabala mikangano m'nyumba.

FUNSO

Ine ndine bambo, mwana wathu wamkazi anabadwa ndi chotupa chotseguka pamsana, anamusoka ali ndi masiku awiri kenako anamuika kapaipi m'mutu kochotsa madzi. Pano ali ndi chaka ndi miyezi 4, sanayambe kuima. Pa mapepala ake palembedwa Chiari 2. Kodi ndi yomweyi imene anthu amati ena amakhala nayo osadziwa? Nanga tikafuna mwana wina zidzabwereranso?

Bambo wa mwana mmodzi

YANKHO

Bambo, dzina ndi limodzi koma nkhani zake nzosiyana. Chiari 2, ena amati Arnold-Chiari, imapezeka mwa pafupifupi mwana aliyense wobadwa ndi msana wotseguka wa mtundu umene mwafotokozawu, spina bifida yotchedwa myelomeningocele. Apa zotsika si timinofu tiwiri tokha, mbali ya cerebellum ndi tsinde la ubongo nazonso zimakhala zotsikira kukhosi, ndipo ambiri amakhala ndi madzi ochuluka m'mutu, nchifukwa chake anamuika kapaipi kaja, kamene amakatcha shanti. Kuchedwa kuimako nthawi zambiri kumachokera ku mitsempha ya miyendo, kutengera kuti bala linali pati pamsana, likakhala m'munsi mwayi woyenda umakhala wokulirapo, ena ndi zitsulo zothandizira miyendo, ena ndi njinga ya olumala, nde a fiziyo musawasiye. Chomwe muyenera kuchigwira ndi ichi, mwanayu akayamba kupuma mwa mluzu, kutsamwa, kulira mofooka, kusanza, kugona kwambiri kapena kukwiya kosadziwika, choyamba kukayikira ndi shanti kuti mwina yatsekeka, ndipo zimenezo ndi za tsiku lomwelo, usiku kapena masana.

Za mwana wina, mwayi woti zibwereze ndi wokwererapo kuposa banja lomwe sizinachitikepo, komabe ana ambiri obadwa pambuyo amabadwa bwinobwino, ndipo pali chochita. Msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyambirira mimba itangokhala, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe nkomwe kuti ali ndi pakati, nde mankhwala a folic acid amayenera kuyambika mimba isanakhale. Mayi wina aliyense amalangizidwa mamaikulogalamu 400 patsiku, koma amene anaberekapo mwana wa spina bifida amapatsidwa mlingo waukulu, mamiligalamu 4 kapena 5 patsiku, kuyambira miyezi ingapo asanatenge mimba mpaka masabata 12 oyambirira atatha. Mlingo umenewu alembe ndi dokotala, ndipo ngati akazi anu amamwa mankhwala a khunyu kapena ali ndi shuga akanene, poti zimenezi nazo zimafunika kukonzedwa kaye musanasiye kulera.